Buku Laulere

"Koma bukulo lili kuti?" anafunsanso mphunzitsi wa payunivesite, maso ali pa wotchi.

"Pa intaneti, bambo," anatero mkonzi wa kosindikiza mabuku. "Paja tinagwirizana ndi a kulaibulale kuti aliyense aziwerenga mwaulere. Kafunseni konko."

Woyang'anira laibulale anangomulozera kompyuta. Mphunzitsiyo sanakhale n'komwe pansi. Mayi ake anali m'basi, akubwera kudzagwira ndi manja awo buku limene mwana wawo walemba. Kuwerenga sankadziwa, koma dzina la mwana wawo ankalizindikira paliponse.

Potuluka pageti anapeza ophunzira akukankhana pa kashopu ka fotokope. Pa kauntala panali mulu wa mabuku omangidwa ndi sitepula. Anatsegula limodzi, n'kupeza mawu ake omwe.

"Tengani msanga, achimwene, akutha awa," anatero mayi wa pashopupo.

Analipira, mtima n'kukhala m'malo. Foni inalira m'thumba: basi yafika. Atangoyenda pang'ono anatembenuza bukulo, n'kubwerera kukashopu kaja chothamanga.

"Mayi, nanga tsamba loyamba lili kuti?"

"Limenelo sitijambula, achimwene, n'kuwononga pepala. Pamangokhala dzina basi."