Tsitsi M'chingwe cha Magetsi

Ndalumikiza zingwe zamagetsi pansi pa nyanja zinayi, ndipo dzanja langa silinaphonyepo!

Koma chingwe chopita kuchilumba chitaphulika pochiyesa ku Busan, a Gwak, kapitawo wathu, anandiloza ine, Pyo, pamaso pa mabwana.

"Ntchito ya a Pyo imeneyi. Matama okhaokha! Alongedze azipita."

Mabwanawo atang'amba pulasitiki wokuta chingwecho, anapeza choyambitsa ngozi pambali pa popserera: tsitsi limodzi lalitali.

"Nalo tsitsi lanu!" anakuwa a Gwak.

Ndinavula chipewa cha ntchito pang'onopang'ono. Dazi langa linati ngwee.

"Akulu, langa linathera ku Norway kalekale. M'chipinda cholumikiziramo tinali awiri, ine ndi inu. Tavulani chanu, mabwana aone."

A Gwak anagwira chipewa chawo ndi manja onse awiri.