Mlamu Watsala Panja

"Dayisi yagwera pa wani, temberero lakugwira," anatero bambo kuuza mng'ono wawo, akutsogolera masewera awo a nthano patebulo. "Tsopano ndiwe namapopa. Sungalowe m'nyumba mwini wake asanakuitane."

Mayi ankasita zovala pakona, akutsonya. Masewera achibwanawa ankawanyansa, koma osaposa mlamu wawoyu, amene anabwera chaka chatha kudzangocheza, mpaka mpando unachita dzenje.

Koma pa malamulo a masewera, mlamuyo sankachita nawo chibwana. Atatuluka kukayankha foni, pobwera anangoima pakhomo njo!

"Achimwene, ndiitaneni."

"Wotsogolera sathandiza munthu. Pempha alamu ako."

"Alamu, mvula ikubwera!"

Mayi anaika simbi pansi. "Bambo, temberero limeneli limatha liti?"

"Pokhapokha iwe utamuitana."

Mayi anapinda malaya a mlamuyo bwinobwino, kuwalongeza m'chikwama, n'kuchiperekera pawindo. Kenako anakhala pampando wadzenje uja n'kukankhira dayisi kwa amuna awo.

"Bwanji simunanene kuti masewerawa ndi okoma chonchi? Taponyani inuyo tsopano."