Mame pa Maondo a Mkazi

Chitseko chakuseri chinalira pang'ono, a Gwadani n'kutsekula maso. Malo a mkazi wawo pabedi anali adakali ofunda. Kunja kunali kutangoyamba kuyera.

Dzina la Gwadani anawapatsa ndi anthu oyandikana nawo, poti chiyambire unyamata wawo ankangokhalira kugwada m'tchire, kamera ili pamaso, kujambula tinthu timene anzawo amaponda: diso la chiwala, ubweya wa mbozi, mame pa ukonde wa kangaude. Anthu ankaseka. Mkazi wawo yekha ndiye sankaseka. Ankawanyamulira chikwama n'kumaima kumbuyo kwawo, phee, kuonerera. Koma tsopano nayenso anali atayamba zake.

Zizindikiro zinalipo. Ankabwerako m'mamawa diresi itanyowa m'maondo, chisoso chitamata thupi lonse. Akamufunsa ankangoti, "Ndimakataya zinyalala, abambo. Gonani." Kodi zinyalala amataya chogona pansi?

Mwamuna amene ankamukayikira kuti akuyenda ndi mkazi wawo ankamudziwa: wotsuka zithunzi wa pakona uja, kamunthu kafupi kosekerera ngati kakugulitsa mano. Chiwapezereni dokotala ndi ng'ala m'maso, mkaziyo ndiye ankapita ndi kamera kukatsukitsa, ndipo ankachedwako. Ngakhale lamba wa kamera ankamupeza atafupikitsidwa. Ndiye kuti kamunthuko kankaikoleka m'khosi mwake ngati yake.

Pobwera, mkaziyo ankatenga mawu otsekemera. "Akuti dzanja lanu silinafe, abambo. Tombolombo wanu uja amupachika pakhoma."

Wakuba amayamba waponyera galu fupa. Komabe mawuwo ankawakomera. Iwo zithunzizo sankazionanso bwino, koma alendo ankaziyamikira, ndipo pa zonse zimene ukalamba unawalanda, ichi chokha ndiye chinali chitawatsalira.

M'mawa umenewu a Gwadani anatenga ndodo yawo, natuluka osavala nsapato.

Kudzala kunalibe munthu. Anadutsa pobooka mpanda, nalowa m'kathengo kakuseri kwa nyumba, kumene dzulo lake anagwada nthawi yaitali kujambula kangaude pa duwa lachikasu. Mame anawazizira m'mapazi. Maudzu anali atagona, umboni woti padutsa munthu. Mpaka malo anga ojambulira awa, anatero mumtima, ndiwo asandutsa mphasa yawo.

Kenaka anaona chinthu chakuda chitagona m'maudzu. Diresi anaizindikira. Koma kuti pagona munthu mmodzi kapena awiri, masowo anakana kuwauza. Anasendera chonyang'ama. Iwo sankafuna kumukhudza mkaziyo. Ndodo inali ya kamunthu kaja, ndipo pambuyo pake aliyense adzaona msana wa njira.

Anakweza ndodo m'mwamba.

"Dzuka, galu iwe," anatero a Gwadani.

Pomwepo panamveka kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a ana awo: tcha!

Mkaziyo anatembenuka pang'onopang'ono. Anali yekha, atagona chafufumimba, zigongono zili m'matope, kamera ili m'khosi pa lamba wofupika uja. Patsogolo pa mphuno yake panali duwa lachikasu lomwe lija, ukonde ukugwedezeka wopanda mwini.

Anayang'ana ndodo, kenaka anayang'ana mwamuna wake.

"Mwamuthawitsa," anatero motsitsa mawu. "Chithunzi chanu chadzulo chatuluka chifunga chokhachokha, abambo, ngati zina zonse zija. Ndimati ndijambulenso musanadzuke."