Homuweki ya Mapu

Amayi anzanga, siyani kaye zimene mukuchitazo, tengani foni ya mwana wanu muyang'ane. Pompano. Ndikalakwitsa polemba mundikhululukire. Izi zachitika lero m'kalasi ya mwana wanga.

Pali mayi wina, telala, amasoka pakhonde pa golosale. Ana atatu: mtsikana wa sitandade sikisi amene amamutchula Kadona, kamng'ono kake ka ku sukulu ya mkaka, ndi khanda. Bambo awo ndi dalaivala, amatha sabata ali paulendo.

Kusukulu ananena kuti ana azibwera ndi foni, aziwerengera pamenepo m'kalasi. Pamsonkhano wa makolo madamu a kalasi ananena kawiri konse.

"Simu muzichotsa. Ndipo ntchito yanga imayamba yalembedwa pa bolodi. Ngati mulibe m'kope, si yanga."

Mayi uja anakodola mnzake. "Ndichotse simu, ndizibwezeranso madzulo? Tsiku ndi tsiku? Madamuwa alibe zochita eti."

Foni inali imodzi nyumba yonse, yake yomweyo. M'mawa amangompatsa Kadona momwe iliri.

Ana a m'kalasimo anatsegula gulupu yawo pafoni, aliyense kumangolowetsa amene wafuna. Munalowa nambala ina. Inayamba kumulembera Kadona payekha, akuti ndi aphunzitsi atsopano a mapu, sanayambe kulowa m'kalasi koma akufuna ana anzeru. Ntchito yoyamba: jambula mapu a kalasi yako. Anajambula, anatumiza. Yankho: wakhoza zonse, ndiwe nambala wani.

Yachiwiri: tola zithunzi za njira yochokera pageti pa sukulu mpaka kwanu, pokhota paliponse, mpaka chitseko.

Yachitatu: anthu a m'nyumba mwanu, aliyense amakhala kuti nthawi yanji.

Ndiye mvetserani apa. Amene anagwira foni potola chithunzi cha pachitseko ndi mayi yemweyo. Anakapesa kamng'onoko, kukaveka diresi ya kutchalitchi.

"Imirira bwino iwe, usamulepheretse mkulu wako. Tseka pakamwa, ntchentche zilowamo."

Ankaseka. Ankauza makasitomala kuti mwana wake adzakhala wojambula misewu.

Lero m'kalasi madamu akuyendera ma desiki, Kadona anakweza dzanja.

"Madamu, aphunzitsi a mapu aja abwera liti?"

"Aphunzitsi ake ati?"

"Apafoni aja."

"Tabwera nayo kuno."

Madamu anawerenga ataimirira. Uthenga womaliza unalowa m'mawa womwewo: "Mng'ono wako amaweruka leveni, mayi ako amakamutenga thwelofu akatseka makina, eti? Wayiwala kulemba dzina la antie a ku mkaka." Ndipo Kadona anali atayankha kale pa buleki.

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa leveni.

Madamu anatulutsa foni yawo kuimbira mayi uja. Inalira m'dzanja lawo linalo. Foni ya mayiyo ndi imene anagwirayo.

Mwana wanga akuti madamu anakhala pa desiki ya mwana, zimene sanachitepo. Anafufuza m'foni muja, anapeza nambala ya ku mkaka.

"Halo, mayi a Kadona," anatero antie aja. "Musadandaule, amalume afika kale."

"Amalume ake ati?"

"Achimwene anu. Andionetsa zithunzi, pakhomo panu, mwanayu atavala diresi. Akuti mwapanikizika ndi ntchito. Ndikumuveka nsapato."

"Ine ndi aphunzitsi. Mwanayo alibe malume kuno. Munyamuleni, lowani naye m'kati. Musafunse, nyamulani!"

Munthu uja anali ataima pageti, chikwama cha mwana chili kale paphewa. Wovala bwino, shati yopisira, cholembera m'thumba. Ataona antie anyamula mwana akubwerera cham'mbuyo, sanathamange. Anamwetulira, kutembenuka, kumapita pang'onopang'ono. Ndi chikwama chomwe.

Madamu anaimbira mwini golosale. Mwini golosale anangotulutsa mutu pawindo.

"Atelala! Thamangani ku mkaka, kwabwera munthu wofuna mwana wanu!"

Anasiya siketi ya kasitomala ili pa singano. Tepi ili m'khosi, patapata imodzi inatsala pamsewu. Ku mkaka anapeza kamwanako kakulira, osati chifukwa cha munthuyo ayi, kakulirira chikwama chake.

"Amalume anandiuza kuti andigulira chatsopano."

Apolisi auzidwa, foni atenga. Nambala ija sikupezekanso. Munthuyo sanagwidwe. Ndipo chitseko akuchidziwa, pokhota paliponse akupadziwa, tsiku limene bambo amabwera akulidziwa. Anamulembera okha, bwinobwino, ndi manambala.

Madamu anabweretsa Kadona okha. Mtsikanayo anangoti, "Amayi, ndimaona ngati ndi sukulu." Mayiyo sanamumenye. Akanamumenya bwanji, foni anagwira ndani?

Dzuwa lili pamutu anakokera ana m'nyumba, kukhoma, kukankhira tebulo kuchitseko, kutseka makatani. Anawerenga. Mmodzi. Awiri.

Anakuwa. "Khanda! Khanda lili kuti?"

"Amayi," Kadona ananong'ona, "lili kumsana kwanu."

Anagwira kumbuyo, anapeza kaphazi kofunda. Atatu. Anakhala pansi pomwepo, phewa kutsamira mwendo wa tebulo, kuwerenganso.

Phunziro: Foni ikamapita kusukulu chotsani simu, ngakhale zikutopetseni. Ntchito imene mulibe m'kope musaithandize, kafunseni aphunzitsi ndi pakamwa. Amene akufunsa chitseko chanu ndi nthawi imene mumachoka si wa mapu. Ku mkaka kasiyeni mayina a anthu otenga mwana, chithunzi si chilolezo. Tumizani kwa mayi aliyense amene muli naye nambala, gulupu ija munali ana ambiri ndipo sitikudziwa analembera angati. Ine kuno ndakhoma, anga awiri ali pamphasa, ndikuwaona.