Kanyanga Kuseri kwa Dzino la Jesse

Kodi munthu amene anaikidwa m'manda kalekale angasiye chizindikiro chake m'kamwa mwa mwana wa mwamuna wina? Petronella ankadzifunsa zimenezi ali chiimire m'chipinda cha dokotala wa mano ku Kabwata, mu Lusaka. Mwana wake Jesse anali atagonekedwa pampando, nyali ikumuwala kumaso.

Dzino loyamba la kutsogolo litaguluka, latsopano linamera looneka bwino. Koma kuseri kwake kunali kanyanga kosongoka, kopindika ngati chikhadabo cha kabawi. Jesse ankadandaula kuti kakumulasa lilime. Tsiku limene Petronella anakakhudza ndi chala, anachotsa chalacho msangamsanga. Kanyanga kameneka ankakadziwa. Mwamuna wake woyamba, Oswell, anali nako pa dzino lomwelo, ndipo akamaganiza ankakonda kukaseweretsa ndi lilime. Jesse anali atayamba kuchita chimodzimodzi.

Oswell anafa pa ngozi ya minibasi zaka zitatu Jesse asanabadwe. Maliro atatha, amalume ake a malemuyo, ochokera ku Mansa, ananena kuti mkazi wamasiye ayenera kulowedwa ndi wachibale kuti mzimu wa mwamuna wake umuchoke. Petronella, mayi wopemphera, anakana pamaso pa anthu onse. Amalumewo sanakangane naye. Anangomuyang'ana nthawi yaitali, n'kunyamula chikwama chawo.

Reuben anakumana ndi Petronella pambuyo pake kutchalitchi ku Chilenje. Anali munthu wofatsa, wopanda makolo, wongofika kumene mu Lusaka. Anakwatirana mosachita phokoso. Dzina la Oswell silinkatchulidwa m'nyumba mwawo, ndipo za dzinoli Petronella sanamuuze Reuben. Akanayamba bwanji? Anangoyamba kusala kudya. Jesse akabwera kudzamukumbatira, iye ankapeza chochita kukhitchini. Mwanayo akaseka, Petronella ankayang'ana pansi, pakuti ankaona ngati m'kamwamo muli munthu wina amene wabwera kudzamufunsa mlandu.

N'chifukwa chake anabwera kuti dzinolo lizulidwe. Reuben anangouzidwa kuti labooka, ndipo anapempha chilolezo kuntchito kuti awaperekeze.

Dokotala, mayi wa magalasi dzina lake Ng'andu, anakana kulizula. Anati dzino limeneli likachoka silimeranso lina. Anafotokoza kuti dzino likamaumbika m'nkhama nthawi zina limatulutsa nsonga yowonjezera, ndipo mkati mwa nsongayo mumatha kukhala mtsempha. Choncho amaipala pang'onopang'ono, maulendo angapo, n'kumata kamng'alu ka m'mbali mwake kuti chakudya chisamatsaliremo.

"Ba dokota, chotsani chabe," anatero Petronella. "Si lake."

"Si lake bwanji, amake Jesse?" anafunsa Reuben.

Petronella anayang'ana mwana wake. Jesse anali chiyasamulire, thonje lili m'tsaya, maso ali pa mayi ake. Msozi wa mwanayo unatsika n'kukalowa m'khutu. Kenaka lilime lake linapita pa kanyanga kaja, ndipo Petronella anagwira khoma.

Dokotala analankhula mofatsa. Anati chimene chimayambitsa sichidziwika bwino, koma nthawi zina zimaoneka mwa anthu a banja limodzi. Anatembenuza kagalasi kake kuti bambo a mwanayo aone, nafunsa ngati pali wina kwawo amene ali ndi dzino lotere.

Reuben anawerama, nasuzumira. Nkhope yake inamasuka. Kwa milungu ingapo ankaona mkazi wake akuwonda osadziwa chifukwa, ndipo tsopano anaseka ngati munthu amene watula katundu.

"Ni ichi chabe? Osayopa, mwana wanga," anatero akusisita mutu wa Jesse. "Ba mayo, amai banga, banali nako. Na ba Oswell banali na..."

M'chipindamo munangotsala kulira kwa kapaipi koyamwa malovu. Petronella anatembenuka pang'onopang'ono. Chikwatirane, Reuben ankanena kuti Oswell sanamuonepo, ngakhale pa chithunzi.

Reuben anali mng'ono wake wa Oswell, mayi mmodzi, abambo osiyana. Kutchalitchi cha ku Chilenje anachita kutumidwa ndi amalume aja a ku Mansa, kuti akamulowe mkazi wamasiyeyo.