Msamuko wa Lachisanu kwa a Caetano

Anthu a kampani ya malasha anafika Lachiwiri, atatu, atavala zipewa zoyera, nayamba kuzungulira nyumba ya a Caetano.

A Caetano sanadzuke pampando. Kwa zaka zisanu anali atapondaponda njira ya ku ofesi ku Moatize kukapempha kuti awasamutse. Mgodi unali utayandikira moti mbale yotsuka m'mawa inkada dzuwa lisanafike pamutu. Anansi onse anapita kalekale ku Mualadze, kunyumba za simenti. Koma a Caetano anauzidwa kuti mzere wa pamapu unadutsa kuseri kwa chimbudzi chawo, ndiye fumbi siliwakhudza. Fumbilo silinaone mapuwo. Akazi awo, mayi Rosária, ankatsokomola zakuda.

Khoma lonse linali zitini zokhazokha, zija za mafuta a othawa nkhondo, zimene a Caetano anazisenza pobwerera kuchokera ku Malawi kudzera pa Zóbuè. Nyumba za anansi zitagwetsedwa, mpheta zinasowa pomanga zisa. A Caetano anaboola zitinizo n'kuzikhomera m'munsi mwa denga, ndipo mpheta zinadzazamo. Sichinali chifundo ayi. Ankati chibadwire, mpheta zokha n'zimene sizinawanamizepo.

Mtsogoleri wa alendowo anali mayi wa magalasi, dzina lake Noémia. Anajambula khoma mbali zonse. Anaimika kamakina pakhonde, nakawerenga, napukusa mutu. Kenaka anatembenukira kwa a Caetano, nawatchula "tiyu", ndiye kuti malume.

"Tiyu, fumbi ili lapitirira muyeso. Lachisanu tibwera ndi galimoto."

Atachoka, mayi Rosária anafunsa ali chigonere pamphasa: "Pepala akupatsani?"

"Pepala ndalandira kangati, iwe? Uyu ndamuona m'maso. Zamukhudza."

Munthu amene sanakhulupirirepo msilikali, wansembe kapena wailesi anakhulupirira tsiku limenelo. Lachitatu anazula chitseko ndi mawindo. Lachinayi anapha tambala, anakumba chinangwa chosakhwima, anamanga mphasa ndi mapoto m'mitolo. Kenaka anaima pakhoma natsanzika mpheta.

"Mutsale bwino, anzanga. Aliyense adzionere yekha."

Lachisanu anavala jekete la kutchalitchi. Mayi Rosária anakhala pamtolo, mpango watsopano uli kumutu. Galimoto inafikadi, nthawi yake yeniyeni, chinthu chimene a Caetano anali asanachionepo m'dziko muno. Munatsika Noémia ndi amuna anayi onyamula makwerero. Anayamba kuchotsa zitini chimodzichimodzi, kutseka bowo lililonse ndi kansalu kopyapyala, n'kuzisanja pamatiresi m'galimotomo ngati mazira. Ankayenda monyang'ama, akulankhula monong'ona.

A Caetano anagwedeza akazi awo paphewa, misozi ili m'maso.

"Waona? Ngakhale mpheta zathu akutitengera. Ndinkawanyoza chabe anthu awa."

Chitini chomaliza chitakwera, a Caetano anasenza chitseko pamutu, nagwira mayi Rosária padzanja. Anayenda pang'onopang'ono, chifukwa mayiwo ankaima kuti apume. Atafika pagalimoto, Noémia anawatchingira njira mwaulemu wonse, nawapatsa pepala lothokoza lokhala ndi chidindo.

"Pepani, tiyu, ife ndife a nthambi ya zachilengedwe. Mbalame sizingakhale m'fumbi lotere, zifa. Za anthu ndi ofesi ina, imatsegula Lolemba."