Bere la Mlendo wa ku Joni

M'mamawa khanda linayambanso kulira, a Lukiya n'kutsonya. Ankadziwa kuti m'manja mwawo silitonthola. Chimwalirireni mwana wawo Asiya, yemwe anatsikira kuli chete atangochira kumene, kamdzukuluka kankafuna munthu mmodzi yekha: mlendo uja.

Mlendoyo anafika kumudziko, kunyanja ya Chiuta, tsiku la maliro atavala nikabu yophimba nkhope, maso okha ali pamtunda. Anati dzina lake ndi Ramla, mnzake wa malemu, wochokera ku Joni. Sanali woyankhulayankhula, mawu ake apansipansi ngati wa chimfine. Anthu atabalalika iye anatsala, n'kunyamula mwana, kutembenukira kukhoma, n'kumupatsa bere.

Abale inu! Munthu wosabereka, mkaka wautenga kuti? A Lukiya anati izi n'zamatsenga basi, mpaka anakokera nkhaniyo kwa namwino wa kusikelo. Namwinoyo anacheza ndi Ramla kuseri nthawi yaitali. Potuluka anati palibe chodabwitsa. Madokotala amapereka mankhwala, munthu n'kumakama mabere ndi kapampu miyezi ingapo, mkaka umabwera ndithu. Ndi wochepa, aziwonjezera wa m'chitini, koma mwanayo akukwera sikelo.

Miyezi ingapo! Ndiye kuti Asiya, atauzidwa kuchipatala ku Balaka kuti mtima wake sungapirire pakatipo, anathamangira kuuza munthu wa ku Joni, mayi ake omubala osawauza kanthu. Zimenezi zinkawapweteka a Lukiya kuposa ng'ala imene inkawatseka maso.

Tsono m'mawa umenewu, mwana ali kubere, Ramla ananena zimene a Lukiya ankaziopa. Mankhwala atsala pang'ono kutha, ayenera kubwerera ku Joni, ndipo akupempha kupita ndi mwanayo.

"Iyayi mayi," anatero a Lukiya. "Mwatithandiza, Mulungu akudalitseni. Koma mwana ndi wa mbumba. Bambo ake anathawira ku Mozambiki mimba isanaoneke n'komwe. Wonena za mwanayu ndi malume ake, Nasiru. Inu ndinu ndani pakhomo pano?"

Nasiru, chisamba chawo, amene ali wamng'ono anagwera pamoto wowambira nsomba, iwo n'kumamupaka mankhwala paphewa akulira naye limodzi. Nasiru amene bambo ake anamupitikitsa ndi chikwanje pa chifukwa chimene m'nyumbamo sichitchulidwa, iwo atangoima pakhomo kukamwa kuli pululu. Bambowo anamwalira kalekale, koma Nasiru sanabwerenso, ndi foni yomwe ayi. Mlongo wake wamwalira, iye osaoneka ngakhale kudzaponya dothi. A Lukiya ankamukwiyira, koma ankamusowa koopsa. Ndiye kamdzukulu kamodzi komweka, chotsala chawo chokha, akapereke kwa munthu wa nkhope yosaidziwa?

"Akabwera Nasiru n'kunena ndi pakamwa pake kuti mutengeni, mudzamutenga. Apo ayi, mwana sachoka pano. Bweretsani kuno mdzukulu wanga."

Ramla anali atayang'ana kukhoma monga mwa masiku onse, mapewa akugwedezeka. A Lukiya anadzuka mopapasapapasa kuti alande mwanayo. Dzanja linaphonya khanda, n'kutera paphewa pamene nsalu inali itatsetsereka.

Zala zinaima. Chipsera chokakala, choyambira m'khosi kutsikira kumkono. Zala zimenezi n'zomwe zinachipaka mankhwala mpaka kupola, sizikanachiiwala.

"Musakuwe amayi, mwana akugona," anatero Ramla, nikabu itanyowa ndi misozi. "Nasiru mukumudikirayo sadzabweranso. Amene ndabwera ndi ineyo, Ramla, mwana wanu wamkazi."